Wako Ali Bwanji?

Mutu 4

1. Mwambo wa m'mawa

Pa shopu ya mipando pamene Nautuchi ankaphunzira ntchito panali mwambo umene mlendo aliyense ankauseka. M'mawa uliwonse, makina asanalire, akapitawo ankaima pafupi ndi bokosi la magetsi, dzanja lili pa swichi, n'kuyamba kufunsa antchito awiriawiri.

"Wako ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Nanga iwe, wako ali bwanji?"

"Ali bwino."

Munthu sankadziyankhira yekha. Ankamuyankhira ndi mnzake amene ankagwira naye makina amodzi. Onse akayankha, akapitawo ankatsitsa swichi, phokoso n'kuyamba.

Chifukwa chake chinali chapafupi. Pa shopupo aliyense anali ndi maso ofiira, poti utuchi unkalowa m'maso mwa aliyense. Woledzera, wodwala malungo ndi amene sanagone chifukwa cha kulira kwa mwana ankaoneka chimodzimodzi kwa munthu woima patali. Koma mnzako amene mumanyamulira limodzi thabwa tsiku lonse sungamubisire kanthu.

Wina akanenedwa kuti sali bwino chifukwa cha matenda, ankapatsidwa tsache kapena kubwezedwa kunyumba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ikakhala ya mowa kapena chamba, koyamba linali chenjezo. Kachiwiri munthu ankakaonekera kwa abwana, eni ake a shopuyo, ndipo amene analowa mu ofesi imeneyo pa mlandu wotere sanabwererenso pa makina.

Nautuchi anali atamaliza sukulu chaka chapitacho. Achimwene ake, amene ankacheka matabwa pa shopupo, ndi amene anamupemphera malo namutenga kudzakhala kunyumba kwawo. Dzina lakuti Nautuchi mtsikanayu analipeza tsiku loyamba. Anakana kumanga mpango, ati ukumuthina, ndipo pofika madzulo tsitsi lake linali mbuu ngati wagwera mu ufa.

Iye ndi achimwene akewo ankagwira makina aakulu ocheka. Linali tebulo lachitsulo, pakati pake patatuluka macheka ozungulira. Achimwene ankaima kutsogolo n'kumakankha thabwa, iye ankaima kumbuyo n'kumalandira. Wolandira saloledwa kukoka. Wokankha, thabwa likatsala pang'ono kutha, amachotsa manja n'kumaliza ndi kandodo kokankhira. Kandodo ka achimwene kankagona pa msomali, ndipo m'mawa uliwonse chinthu choyamba chimene ankachita chinali kukachotsa pamenepo n'kukaika m'thumba lakumbuyo.

Nautuchi ankalakalaka kuima kutsogolo. Zimenezi sizinali zachinsinsi, chifukwa mtsikanayu sankadziwa kusunga chilakolako mumtima. Sabata sinkatha asanafunse kuti, "Akapitawo, ine ndiyamba liti kukankha?" Yankho linali lomwelo nthawi zonse: adikire.

2. Mkangano wa pa tiyi

Masiku amenewo nkhani imene inali m'kamwam'kamwa inali ya chamba. Aphungu ankakambirana ngati n'koyenera kuchivomereza, ndipo wailesi ya pa shopu, yotuwa ndi fumbi, inkabweretsa mkanganowo pa nthawi ya tiyi.

Woyamba kulankhula, monga mwa masiku onse, anali wopaka vanishi. Anzake ankamutcha Loya chifukwa sanagonjepo pa mkangano, ngakhale umene sankaudziwa mutu wake.

"Achivomereze basi," anatero Loya. "Ndi anyamata angati ali kundende chifukwa cha kandudu kamodzi? Amalowa ali ana abwinobwino, amatuluka ali mbava zenizeni. Alimi apeze cholima, achipatala apange mankhwala, apolisi athamangitse akuba. Mowa umapha anthu pamsewu, koma umagulitsidwa nyimbo zikulira."

Mayi osoka makushoni anaika kapu pansi. "Inu a Loya, mudzabwere kwathu mudzaone mwana wa achemwali anga. Ankakhala nambala wani m'kalasi. Pano amacheza ndi mapolo a magetsi."

"Ameneyo mutu wake unali kale ndi vuto."

"Mutu wake unali bwino kuposa wanuwo."

Anthu anaseka. Kenako achimwene a Nautuchi, amene sankakonda kulowerera nkhani, analankhula akuyang'ana pansi.

"Aliyense amadziwa thupi lake. Wina chimamuzunguza mutu, wina chimamukhazika mtima pansi. Munthu wamkulu asamalonderedwe ngati mwana."

Nautuchi anayang'ana m'kapu yake. Ankadziwa kuti chiyambireni kudwala msana, achimwene ankasuta madzulo kuseri kwa nyumba kuti apeze tulo. Onse a m'nyumbamo ankachita ngati fungolo likuchokera kwa aneba. Ankadziwanso kuti achimwene anachenjezedwa kale kamodzi, tsiku limene anabwera ndi matsire a ku ukwati. Amene anawanena anali mnzawo wolandira matabwa. Achimwene anasiya kumulankhula mpaka munthuyo anapempha kusintha makina, ndipo umo ndi mmene malo a Nautuchi anapezekera.

Akapitawo anadikira kuti phokoso lichepe. Kenako anakweza manja awo onse awiri, zala zili tambasu.

"Ana inu, ine za kunyumba ya malamulo sindizidziwa. Mwina a Loya akunena zoona, mwina mayiwa. Akachivomereza, ndende zikapepukidwa, ine sindilira. Koma mundimvetse. Mowa ndi wololedwa kuyambira ndili mwana, koma sindinalolepo woledzera pa makina anga. Mankhwala a chimfine ogonetsa aja amagulitsidwa pa golosale iliyonse, koma ukamwa ndimakupatsa tsache. Alipo amene anamangidwapo chifukwa cha tulo? Palibe. Koma wosinza sayandikira macheka.

"Ndiye tsiku limene adzalengeze pa wailesipo kuti chamba n'chololedwa, musadzabwere kuno mukuvina. Macheka sadzamva chilengezocho. Adzazungulira mmene akuzungulira leromu. Zimene mumachita kwanu mukaweruka, mudzakambirana ndi akazi anu ndi madokotala anu. Zimene mumabwera nazo pa tebulo lachitsulo ili, mudzakambirana ndi ine.

"Ntchito ino ndinaiyamba tsitsi lili lakuda, pano layera, ndipo zala zanga ndi izi, zonse zilipo. Anzanga amene ndinayamba nawo, ambiri amapereka moni ndi dzanja lamanzere. Si kuti ine ndinali wochenjera kuposa iwo. Ndinali ndi anzanga osanyengerera. Mnzako amene amati uli bwino pamene suli bwino, ameneyo akukuperekeza kuchipatala akumwetulira."

"Ameni," anatero Loya, ndipo anthu anasekanso n'kutsuka makapu awo. Mawu amenewa anali atawamva kangapo.

3. Kuseri kwa chipupa

Sabata imeneyo shopu inalandira ntchito ya madesiki a sukulu, ndipo matabwa anaunjikana mpaka pakhomo. Achimwene ananyamula tsiku lonse. M'mawa mwake anadzuka atagwira m'chiuno, akuyenda ngati nkhalamba.

Anauyamba ulendo wa kuntchito limodzi monga mwa nthawi zonse. Atafika pa nyumba ina yosamalizidwa, imene udzu unamera m'zipinda, achimwene anaima.

"Tsogola. Ndikupeza."

Nautuchi anayenda pang'ono n'kuima pansi pa mtengo. Mphepo inkachokera kunyumbako, ndipo fungo la kwa aneba lija linamupeza pomwepo. Patapita kanthawi achimwene anatuluka akutafuna chingamu.

"Achimwene, mwasuta."

"Wakufunsa ndani?"

"Simunasutepo m'mawa."

"Msanawu sunandipwetekepo chonchi. Madesiki aja adzicheka okha? N'kakang'ono chabe, kongofewetsa thupi. Ndiponso mwezi wamawa chikhala chololedwa. Uzidzachigula pa golosale ngati machesi."

"Koma akapitawo ananena kuti..."

"Akapitawo si amene amakudyetsa." Achimwene sanakweze mawu. "Akafunsa uyankhe mmene umayankhira masiku onse. Ukudziwa kuti ndinachenjezedwa kale. Ukudziwanso kuti m'nyumba muja muli ana awiri, alamu ako ndi iweyo."

Anapitiriza ulendo. Panjira anakumana ndi galu atanyamula nsapato yakale kukamwa. Achimwene anaseka, ndipo anasekabe galuyo atasowa kalekale. Podumpha msewu, njinga yamoto inadutsa pafupi kwambiri ndi miyendo yawo. Achimwene analumphira m'mbuyo, koma analumpha njingayo itadutsa kale.

 Nautuchi anaziona zonsezi.

Atafika pa shopu Nautuchi anamanga mpango, achimwene anavala ovolosi. Kenako achimwene anapita molunjika pa makina, natenga thabwa loyamba n'kuyamba kulisisita.

"Taona mizere ya thabwali," anatero. "Mitengo imalemba bwino kuposa anthu."

Kandodo kokankhira kanali kakulendewerabe pa msomali.

4. Yankho

Akapitawo anaima pa bokosi la magetsi. Anayambira kwa opala matabwa, napita kwa oboola, napita kwa olumikiza. Mayankho ankagwa mofulumira, ena akuyasamula, ena akumanga zingwe za nsapato. Pomaliza anafika pa makina aakulu.

"Wako ali bwanji?" akapitawo anawafunsa achimwene.

"Ali bwino."

"Nautuchi, wako ali bwanji?"

Mtsikanayo anayang'ana macheka, anayang'ana manja a achimwene ake ali pa thabwa, anayang'ananso msomali uja. Dzanja la akapitawo linali litayamba kale kutsika, poti yankho limeneli analizolowera.

"Sali bwino."

Dzanja linaima. Amene ankamanga nsapato anaweramuka.

"Akudwala?"

"Msana ukuwapweteka."

Zimenezo zinali zoona, ndipo akanathera pomwepo, achimwene akanapatsidwa tsache, masana akanabwerera pa makina, mawa lake akanaimanso pa nyumba yosamalizidwa ija. Achimwene anapumira m'mwamba. Koma akapitawo anali munthu wofunsa kawiri.

"Msana wokha?"

Achimwene anamuyang'ana mlongo wawo. Sanamuopseze ndi maso. Anangomuyang'ana mmene ankamuyang'anira ali wamng'ono, pomudutsitsa pamsewu.

"Asuta panjira," anatero Nautuchi. "Chamba."

 

Akapitawo anayandikira achimwene, nawauza kuti alavule chingamu. Sanachite kununkhiza nthawi yaitali.

"Vula ovolosi upite kunyumba, mwana wanga. Sindikukalipira pa anthu, ndiwe katswiri ndipo ukudziwa wekha. Msana ukanandiuza, ndikanakupatsa ntchito yokhala pansi, kapena ndikanakulembera tsiku lopita kuchipatala. Wasankha kudzipatsa wekha mankhwala n'kubwera nawo pa macheka, mlongo wako ali kumapeto kwa thabwa lomwelo. Abwana lero kulibe. Mawa m'mawa mukaonekere nonse awiri. Iwe Nautuchi ukanena kwa iwo zimene wanena kwa ine."

Achimwene anavula ovolosi, naipinda bwinobwino, naiika pa benchi. Anayamba kuyenda kulowera kugeti.

Koma madesiki sankadikira munthu. Akapitawo anayang'ana mulu wa matabwa, anayang'ana antchito awo, ndipo anapeza kuti amene ankawadziwa makina aja kuposa ena onse otsala anali mtsikana wa mpango uja. Anachotsa kandodo pa msomali n'kumupatsa.

"Ima kutsogolo. Ndilandira ndine."

Akanadikira pang'ono chabe, zinthu zikanayenda mwina. Koma akapitawo, ndi nzeru zawo zonse, sanaganize zoyang'ana kugeti. Achimwene anali atatembenuka. Anaona mlongo wawo ataima pamalo pawo, kandodo kawo kali m'manja mwake.

"Ndi zimene umafuna," anatero, mosakweza mawu, koma onse anamva.

Swichi inatsika, makina analira, ndipo Nautuchi anatenga thabwa loyamba.

5. Tsiku lopanda ngozi

Nautuchi anacheka bwino. Thabwa loyamba linakhota pang'ono, lachiwiri linawongoka, ndipo pofika masana akapitawo anasiya kumukodola ndi mutu. Chinthu chimene anachipempha kwa miyezi yambiri chinali m'manja mwake, koma sichinamukomere n'pang'ono pomwe. 

Tsiku limenelo palibe chinachitika. Palibe anavulala, palibe thabwa linabwerera m'mbuyo, palibe magazi anadontha pa tebulo lachitsulo. Vuto la ngozi imene yapewedwa ndi lakuti palibe amene amaiona, choncho aliyense amakhala ndi ufulu wonena kuti sikanachitika. Pa nthawi ya tiyi Loya anagwiritsa ntchito ufulu umenewu.

"Munthu uja wacheka matabwa zaka zambirimbiri. Mwina akanacheka bwinobwino mpaka madzulo."

"Mwina," anayankha akapitawo.

"Ndiye ntchito ithe chifukwa cha mwina?"

"Ukufuna tikamuitane, iwe ukalandire?"

Loya anaviika mkate m'tiyi n'kusintha nkhani.

Pa benchi imene Nautuchi anakhala panali malo ambiri kuposa masiku onse. Anyamata awiri opala matabwa ananong'onezana kuti iwo sangalole kugwira makina amodzi ndi munthu wogulitsa m'bale wake. Mayi osoka makushoni okha ndi amene anabwera kudzakhala pafupi naye. Sananene kuti wachita bwino kapena walakwa. Anangomuthirira tiyi wina.

Wailesi inkapitiriza mkangano wake. Phungu wina anati dziko lilemera, wina anati dziko lipenga. Palibe amene anatchulapo za matabwa.

6. Chikwama pakhonde

Nautuchi anaweruka dzuwa litapendeka, nayenda yekha njira imene ankayenda awiri. Atafika kunyumba anapeza chikwama chake chili pakhonde, chomangidwa bwino, nsapato zake za kutchalitchi zili pamwamba. Alamu ake anakhala pampando pafupi ndi chitseko, akusenda anyezi.

"Khala pansi, mlamu. Sindikufuna phokoso, ana ali m'nyumba."

Nautuchi anakhala pa sitepe.

"Usaganize kuti ine ndimakondwa ndi utsi uja. Ndalankhula mpaka pakamwa pauma. Ndinawauza kuti msana amapita nawo kuchipatala, osati kuseri kwa nyumba. Ndinawauza kuti ana akukula, ayamba kufunsa kuti fungolo n'lachiyani. Koma zimenezo ndimanena m'nyumba, chitseko chili chotseka. Iwe wakanena pa gulu. Munthu amene anakutenga kwa amayi, nakupatsa chipinda, nagwadira abwana kuti ulowe ntchito, wamuvula pamaso pa anyamata amene anawaphunzitsa yekha. Kenako waima pamalo pake iye asanatuluke n'komwe pageti. Ukufuna aganize chiyani? Ana awiri ali m'nyumbawa amadya za manja a bambo awo."

"Ndi manja omwewo ndimaganizira, alamu."

Mpeni wa alamu unaima. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Mwina anali anyezi.

"Ine ndangotumidwa," anatero kenako. "Akuti mawa kwa abwana ukanene kuti unalakwitsa. Ukanene kuti sunawaone akusuta, unangomva fungo la zinyalala zimene anthu amatentha pa nyumba ija, ndipo unachita mantha. Akapitawo sanaone ndudu. Popanda mawu ako, abwana sangawachotse. Ukanena choncho, chikwamachi chilowanso m'nyumba, ndipo nkhaniyi sidzatchulidwanso."

"Ndiye mkuja adzaimanso pa makina."

"Alonjeza kuti m'mawa sadzasutanso."

"Anakulonjezani kangati za madzulo?"

Alamu anatola mbale ya anyezi n'kuimirira. "Ukakabwereza zimene wanena lero, udziwiretu kopita. Lero ugona m'nyumba, sitingakuthamangitse kukuda. Koma chikwamacho akuti chigone pompo."

Analowa. Chitseko anachisiya chotsegula pang'ono, ndipo Nautuchi ankamva mawu a achimwene ake mkatimo akuthandiza mwana wamkulu kuwerenga. Ankawerenga modekha, mmene ankamuwerengera iye kale.

Pamene ankasuntha kuti akhale bwino pa sitepe, china chake chinamubaya. Anapisa dzanja m'thumba lakumbuyo. Kanali kandodo kokankhira. Anaiwala kukabwezera pa msomali. Chogwirira chake chinali chosalala, chokumbika pang'ono pamene chala chachikulu cha achimwene chinkakhala, ndipo nsonga yake inali yodzaza ndi mabala a macheka, aliwonse pamalo pamene pakanakhala chala.

Kamtsikana kakang'ono ka achimwene kanatuluka kakukoka chidole. Kanayang'ana chikwama, kanayang'ana nsapato za kutchalitchi zija.

"Azakhali, mukupita kuti?"

Mkatimo mawu owerenga aja analeka. Nautuchi anadziwa kuti yankho lake likumvedwa ndi anthu ambiri kuposa amene wafunsa.

"Sindinadziwe, mwana wanga," anatero, akutembenuza kandodo m'manja. "Abwana akandifunsa mawa m'mawa."